Akazi a m'Mabuku: Pabwalo ndi Pamtondo

Munthu wofuna kudziwa mudzi angathe kukhala pamalo awiri. Akakhala pabwalo adzamva milandu, za msonkho ndi za maliro a anthu omveka. Akakhala pafupi ndi mtondo, pamene amai ali kusinja, adzamva zina zimene sizinenedwa pabwalo: za mwamuna wosagula nsalu, za mwana wodwala usiku, za nsanje ya pamitala. Mudzi ndi umodzi, koma nkhani ziri ziwiri. Wolemba mabuku nayenso asankha pokhala, ndipo malo amene asankhawo ndiwo alamula mmene akazi adzaonekera m'buku lace. Kuti ticione bwino cimeneci, tiyeni tiyerekeze mabuku awiri a ku Nigeria, onse olembedwa m'Cingerezi ndi anthu a mtundu umodzi, wa Igbo.

Loyamba ndi Things Fall Apart la Chinua Achebe, losindikizidwa ku London m'caka ca 1958, buku lodziwika m'masukulu ambiri a mu Africa. Achebe ndi mmisiri weniweni, koma anaika mpando wace pambali pa Okonkwo, mwamuna wamphamvu wa ku Umuofia, amene ankayesa cifundo ndi kufatsa zinthu zacikazi. Tsono akazi ace atatu tiwaona kawirikawiri monga iye awaonera: abwera ndi mbale ya cakudya, nabwerera kunyumba zao. Mkazi wamkulu dzina lace sitilimva konse. Angochedwa amace a Nwoye. Inde, kwathu kuno kuchula mai ndi dzina la mwana ndi ulemu, ndipo cimeneci pacokha si colakwa. Koma taonani tsiku limene Nwoye anacoka kwa atate wace kukatsata Akristu. Tiuzidwa zonse zimene Okonkwo anaganiza atakhala pamoto usiku umenewo, koma za mumtima wa mai wobala mwanayo sitiuzidwa kanthu.

M'bukumo muli milandu iwiri ya kumenya mkazi. Ojiugo, mkazi wamng'ono wa Okonkwo, anapita kukaluka tsitsi kwa mnzace, nacedwa kuphika, ndipo anamenyedwa kolimba. Wansembe analipitsa Okonkwo mbuzi yaikazi, nkhuku, nsalu ndi tizigoba 100 timene tinali ndalama zao. Cimene analipira si mabala a mkazi ai, koma kuipitsa sabata yopatulika ya mtendere. Mlandu waciwiri ndi wa Mgbafo, amene alongo ace anamcotsa kwa mwamuna wace Uzowulu cifukwa ca nkhanza. Oweruza anali mizimu 9 yobvala zigoba kumaso, yofanana pang'ono ndi zirombo za nyau. Uzowulu analankhula, mlongo wa mkaziyo analankhula, mboni zinalankhula, koma mwini mabala anangoima cete. Wina adzati Achebe analemba zoona za masiku amenewo, ndipo sanabvomereze nkhanzayo. Ncoonadi. Komatu mkazi woletsedwa kulankhula pabwalo sakhala wosalankhula kuseri kwa nyumba, ndipo wolemba sanapite kuseriko kukamvetsera.

Kuti Achebe akanatha kutero tidziwa ndi nkhani ya Ekwefi, mkazi waciwiri. Iyeyu anabala ana 10, namwalira 9, natsala Ezinma yekha. Usiku wina wa mdima waukulu Chielo, wansembe wamkazi, anabereka mwanayo kupita naye kuphanga la mizimu, naletsa makolo kumtsata. Ekwefi anamtsatabe yekha m'chire usiku wonse, ali kunjenjemera ndi mantha, atatsimikiza mtima kuti akamva mwana wace alira adzalowa m'phangamo, ngakhale afe. Pamenepo wolemba anasiya Okonkwo kumbuyo, nayenda ndi mkazi, ndipo masamba amenewo ali pakati pa abwino koposa m'buku lonse. Cacisoni ncakuti zitatha izi Ekwefi angoonekera apa ndi apo, ndipo wolemba abwerera kumpando wace wa pabwalo.

Zitapita zaka 8, m'caka ca 1966, Flora Nwapa wa ku Oguta anatulutsa Efuru, buku loyamba lolembedwa ndi mkazi pa mndandanda wa African Writers Series. Nwapa anakhala kumene Achebe anangodutsako: pamoto wophikira, padooko ndi pamsika. Efuru adzisankhira yekha mwamuna, Adizua, mnyamata wosauka wopanda malowolo. Akana kupita kumunda, nayamba malonda, ndipo phindu la malondawo ndilo lilipira malowolo kwa atate wace. Akongoza osowa ndalama, natumiza odwala kwa dotolo. Mwana wace mmodzi yekha, Ogonim, amwalira, ndipo Adizua, amene anathawa ndi mkazi wina, sabwera ngakhale kumaliro. Mwamuna waciwiri, Gilbert, amva mabodza a m'mudzi pamene Efuru ali kudwala, namuumiriza kuti abvomere cigololo cimene sanacite. Amene amteteza ndi Ajanupu, mbale wa apongozi ace a ukwati woyamba, amene akantha Gilbert ndi munsi. Efuru atacira ndi kuyeretsa dzina lace abwerera kwao, natumikira Uhamiri, mzimu wamkazi wa m'nyanja, wolemera ndi wokongola koma wopanda mwana.

Cacikulu m'buku limeneli ndi ici, kuti timva akazi ali kukambirana pamene amuna palibe. Anena za mitengo ya malonda, za ngongole, za kusabala, za apongozi. Ena alangiza, ena ajeda. Openda mabuku ena aamuna anati zimenezi nzocezaceza za akazi cabe. Iwo anaiwala kuti m'macezedwe otero ndi mmene maukwati amangidwa kapena kupasulidwa. Ndiponso Nwapa anafunsa funso limene pabwalo silifunsidwa: kodi mkazi wopanda mwana, koma wanzeru, wanchito ndi wacifundo, ali munthu wathunthu kapena ai?

Tisaganize kuti mpando wa pamtondo uonetsa zonse. Amuna a Nwapa ndi opepuka. Adizua angosowa, ndipo cimene cinali mumtima mwace siticidziwa, monga momwe sitidziwa ca mumtima wa amace a Nwoye. Nwapa alembanso za mdulidwe wa akazi ngati mwambo wamba, osaufunsa kanthu, cinkana ndi mwambo woononga thupi, umene boma la Nigeria linauletsa ndi lamulo m'caka ca 2015. Pa luso la kumanga nkhani Achebe aposa. Ndipo iye sanaumirire pamalo amodzi: m'buku lace lotsiriza la nthano, Anthills of the Savannah, la m'caka ca 1987, Beatrice ndi mkazi wophunzira amene asimba yekha mbali ina ya nkhaniyo.

Tsono inu anyamata amene mwatsiriza sukulu, ndipo mufuna kulemba m'Cinyanja, yesero lanu lidzakhala kulenga akazi a mitundu iwiri yokha: mkazi wofatsa wa kumudzi wogwada ndi mbale ya nsima, ndi mkazi wa m'tauni wodya ndalama za mnyamata. Akazi otero ndi zidole za dothi. Kwa Acewa, kumene mwana atsata mtundu wa amace ndipo mkamwini akhala kwao kwa mkazi, wolemba wosamva mau a mbumba wataya theka la mudzi. Musanatumize zolemba zanu kwa osindikiza, dzifunseni mafunso atatu. Kodi mkazi uyu afuna ciani iye mwini? Kodi alankhula ciani pamene mwamuna wace wacoka? Kodi alongo anu akawerenga adzamzindikira ngati munthu amene anakomana naye? Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Khalani pansi mumvetsere.

Ndipo inu asungwana, musadikire kuti alongo anu akulembereni. Zimene munamva pamtondo kuyambira ubwana wanu iwo sanazimve, ndipo buku limene likadazisunga silidzalembedwa ngati inu simulilemba.