Lilime limaphunzira: za vinyo, burande ndi ife a ku Nzama

Vinyo wa mphesa wakhala akubwera ku Nzama kwa zaka zoposa 120, koma ambiri mwa ife sitimudziwa kukoma kwake. Ansembe atatu a chipani cha Montfort, Pierre Bourget, Augustin Prezeau ndi Antoine Winnen, anafika kwa mfumu Njobvuyalema pa 25 July 1901 n'kukhazikitsa mishoni yomwe inakhala yoyamba kukhalitsa ya Akatolika m'dziko muno. Misa siichitika popanda vinyo, ndipo lamulo la mpingowo limafuna vinyo wa mphesa zenizeni, wosawonongeka. Ndiye kuyambira nthawi imeneyo botolo linkayenera kufika kuno, msewu ukhalepo usakhalepo. Koma nthawi zambiri chikho chinkathera m'manja mwa wansembe, ife n'kumangoonera patali. Ngakhale dzina lake ndi lobwereka: "vinyo" tinatenga ku Chipwitikizi, chimodzimodzi "kachasu", ndipo malire a Mozambique ali pafupi pomwepa.

Masiku ano botolo latuluka m'tchalitchi. Lili pa chinkhoswe, pa ukwati, pa tsiku lobadwa, ndipo kwambiri lili pa zithunzi za pa Facebook ndi WhatsApp. Chomwe chikundivuta n'chakuti tikugula vinyo ndi maso, lilime osalifunsa. Munthu amatulutsa ndalama zokwanira ndiwo za sabata yonse kugulira chinthu chomwe sangathe kunena ngati n'chabwino kapena ayi.

Tiyambe ndi omwe amayenda malonda kwambiri pakati pa achinyamata: Four Cousins ndi 4th Street, onse a ku South Africa, makamaka otsekemera aja ofiirira. Ine sindiwanyoza. Akazizira bwino amatsika mosavuta, amanunkhira ngati zipatso, ndipo savutitsa munthu amene akulawa koyamba. Koma nkhani yawo ndi yaifupi. Ukamwa kamodzi wamva zonse. Kachiwiri ndi kachitatu palibe chatsopano, ndi shuga yemwe uja basi. Malinga ndi malamulo a ku South Africa, vinyo wolembedwa kuti "dry" sapitirira magalamu 5 a shuga pa lita, pomwe wa "natural sweet" amaposa magalamu 20. Shuga ameneyu amabisa zambiri. Mphesa zikakhala za wamba, shuga amaziphimba monga mmene tomato wambiri ndi mafuta amaphimbira nsomba yogonera.

Vinyo wofiira wosatsekemera alibe pobisala, n'chifukwa chake ambiri amamukana pa kulawa koyamba. Amawawasa pang'ono, kenako amaumitsa m'kamwa ngati nthochi yosapsa bwino kapena tiyi wa masamba ambiri wopanda mkaka. Kuumitsa kumeneku kumachokera ku makoko ndi njere za mphesa, zomwe amazisiya m'madzi ake pamene akuwira. Si chizindikiro choti wawonongeka. Yesani kumwa Pinotage, mtundu wa mphesa womwe Abraham Perold anaupanga mu 1925 ku Stellenbosch pokwatitsa Pinot noir ndi Cinsaut, pamodzi ndi nyama ya mbuzi yootcha. Mafuta a nyama amafewetsa kuuma kuja, vinyo n'kutsuka mafutawo m'kamwa, ndipo mumayamba kumva zinthu zomwe poyamba zinabisika: kafungo ka utsi, ka zipatso zakupsa kwambiri. Wabwino amakhalabe pa lilime mutameza kale. Wachabechabe amazimiririka nthawi yomweyo, kapena amasiya kuwawasa kwa viniga.

Ena amati zimenezi n'zachizungu, ife sitingazithe. Bodza limenelo. Kuno ku Ntcheu, kwa Angoni, agogo amene amafulula masese amangolawa pang'ono pa chipanda n'kunena kuti mowawu sunapse, kapena chimera chinachepa, kapena wagonera wasasa. Palibe anabadwa akukonda masese. Ngakhale thobwa logonera, chambiko, mfutso kapena ngumbi, mwana amayamba wakwinya nkhope. Lilime limaphunzira pobwereza ndi poyerekeza, ndipo luso lomwe agogowo ali nalo ndi lomwelo limene akatswiri a vinyo amalipidwa nalo. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo anazilemba m'mabuku.

Pa burande ndi pomwe kuyerekezaku kumakoma. Burande ndi vinyo wotchezedwa. Dzinalo linachokera ku mawu a Chidatchi otanthauza vinyo wootcha. Ntchito yake ndi yomwe amayi otcheza kachasu amaidziwa: kutenthetsa, nthunzi idutse mu paipi yozizira, idonthe. Koma taonani kusiyana kwake. Kwathu kuno "mutu", woyamba kudontha uja, ndiye timautama ndi kuugula modula chifukwa ndi waukali. Otcheza burande wabwino amapatula mutuwo ndi zakumapeto zomwe, n'kusunga zapakati zokha, chifukwa mutu uli ndi fungo lolasa m'mphuno. Kenako amadikira. Ku South Africa burande wotchezedwa mu mphika wa kopa ayenera kukhala zaka zosachepera 3 m'migolo ya mtengo wa oak, ndipo wosakaniza, monga Klipdrift kapena Richelieu wa tsiku ndi tsiku, amangofunika kukhala ndi magawo 30 pa 100 a burande wotereyu. Ku Cognac, VS amatanthauza zaka 2, VSOP zaka 4, XO zaka 10. Zaka zimenezi n'zomwe mumalipira. Ndiye mukathira Coca-Cola mu VSOP mpaka tambula kudzaza, mwagula zaka zinayi n'kuzimiza mu shuga. Wosakaniza uja thirani, anapangidwira zomwezo. Winayo mupatseni mpata alankhule yekha.

Komanso ndisakunamizeni kuti mtengo ndi dzina ndiye umboni. Mu 2001, Frédéric Brochet anapatsa ophunzira za vinyo 54 ku Bordeaux vinyo woyera yemwe anamuthira utoto wofiira wopanda fungo, ndipo iwo anamufotokoza ndi mawu a vinyo wofiira. Ngati maso amapusitsa anthu a sukulu ya vinyo, kuli bwanji ife tikaona botolo la zilembo zagolide? Choncho anzathu obwera kuchokera ku Joni kapena ku Lilongwe, amene amazunguza tambula n'kumaseka omwa Four Cousins, nawonso afunsidwe: tabisa botolo, tiuze chomwe ukumva. Ambiri amangoloweza mayina.

Njira yake ndi yotchipa. Sonkhani anthu anayi kapena asanu, gulani mabotolo awiri osiyana, mmodzi awakulunge m'nyuzipepala. Thirani pang'onopang'ono, nunkhizani, lawani, aliyense anene m'Chichewa chomwe wamva: akutsekemera, akuwawasa, akuumitsa, akununkhira ngati masuku kapena bwemba. Musaope kuikapo Linga wa ku Lilongwe, wopangidwa ndi zipatso monga jambula, mabulosi ndi chidede. Si wa mphesa, koma mafunso ake ndi omwewo. Ndipo kulawa kumafuna mutu woyera: ukafika tambula yachitatu lilime lagona, chatsala n'kuledzera basi, komwe sikufuna botolo lodula.

Mukayesa kangapo n'kupeza kuti wotsekemera uja ndi amene mumamukondabe, imwani mosachita manyazi, bola mukudziwa chomwe mwasankha ndi chomwe mwasiya. Chomvetsa chisoni ndi kulipira ndalama zambiri, kumeza mokakamiza, kenako n'kulemba pansi pa chithunzi kuti zinali bho.