Anzeru a ku Sukulu Zaukachenjede ndi Minda ya Amayi Athu

M'masiku ano yachuluka misonkhano ya anthu ophunzira kwambiri, imene achitira m'nyumba za sukulu zaukachenjede ndi m'mahotela a m'mizinda, ndipo nkhani imene ikhala pakamwa pawo kawirikawiri ndiyo ya ufulu wa akazi, imene iwo aitcha jenda. Ine ndinakhalapo pa msonkhano umodzi wotere, wotumidwa ndi aphunzitsi anzanga, ndipo ndinamva mphunzitsi wina wamkulu, munthu wa mawu okoma ndithu, alikunena m'Chingerezi kuti mkazi wa ku Malawi alibe munda, kuti alima m'munda wa mwamuna masiku onse a moyo wake, ndi kuti mwamunayo akamwalira abale ake ampitikitsa. Anthu anaomba m'manja. Ine sindinaombe, pakuti ndine mkamwini kuno ku Phalombe, ndipo munda umene ndilima patsinde pa phiri la Michesi suli wanga. Uli wa mkazi wanga, amene anaulandira kwa amake, monga amakewo anaulandira kwa amawo.

Musandiyese wodana ndi maphunziro, kapena wofuna kuti anzeruwo atseke pakamwa. Iyayi ndithu. Tikumbukira chaka cha 2011, pamene mkulu wa apolisi onse, Bambo Peter Mukhito, anaitana Dr. Blessings Chinsinga wa ku Chancellor College ku Zomba, namfunsa za phunziro lake la m'kalasi, m'mene anayerekeza mavuto a dziko lino ndi amene anautsa anthu ku Tunisia ndi ku Egypt. Aphunzitsi anzake, motsogozedwa ndi mayi, Dr. Jessie Kabwila, anakana kulowa m'kalasi miyezi yambiri, ndipo anayi a iwo anachotsedwa ntchito, kufikira akulu anagonja nawabwezera pa ntchito zawo. Anachita bwino, pakuti ndime 33 ya malamulo aakulu a dziko itchula ufulu umenewu, ndipo mphunzitsi woopa kazitape m'kalasi mwake sangaphunzitse choona. Koma iye amene wapatsidwa ufulu wa kulankhula ali nawonso mangawa a kufunsa asanalankhule.

Cholakwa cha mphunzitsi uja chinali kuyesa Malawi yense mudzi umodzi. Ku Mzimba ndi ku Rumphi, ndiponso kunsi ku Nsanje, kumene mwamuna apereka malowolo natenga mkazi kunka naye kwawo, mawu ake ali ndi choona chambiri. Amasiye ambiri analandidwadi chuma, ndipo lamulo la chuma cha masiye la chaka cha 2011 linaikidwa kuti lichiritse bala limenelo. Koma mwa Alomwe, Amang'anja ndi Ayao a kuno, mwamuna ndiye achoka kwawo, namanga pa mudzi wa mkazi, nalima nthaka ya mbumba ya eni. Ukwati ukatha, amene anyamula khasu ndi mphasa ndiye mwamuna.

Alipo wophunzira wina amene anazindikira ichi, ndipo ndimtchula ndi ulemu, ndiye Dr. Pauline Peters wa ku Harvard ku America. Mayi ameneyu anayamba kuyendera midzi ya m'boma la Zomba m'chaka cha 1986, nabwererako zaka zambiri, kufunsa mabanja omwewo za minda yawo ndi zokolola zawo. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo iye anadekhadi. M'chaka cha 2010 analemba za ndondomeko ya malo imene boma linatulutsa m'chaka cha 2002, imene inati ana onse, aamuna ndi aakazi, azilowa mofanana m'malo a makolo awo. Mawu amenewo amveka okoma m'nyumba ya msonkhano, ndipo kumpoto akhoza kuthandiza mwana wamkazi amene sanali kulandira kanthu. Koma Dr. Peters anachenjeza kuti m'midzi ya chikamwini adzachita zosiyana ndi zimene olembawo anafuna, pakuti kuno mwana wamkazi ndiye ali nawo kale munda, ndipo kumgawira mlongo wake ndiko kumchepetsera iye.

Tiyeni tiwerenge monga tichita ndi ana pa bolodi. Mayi ali ndi maekala awiri, ndi ana anayi, aakazi awiri ndi aamuna awiri. Pa mwambo wathu aakaziwo alandira ekala aliyense, ndipo aamunawo akalima kwa akazi awo. Pa kugawa kofanana aliyense alandira theka la ekala. Mwana wamwamuna tsono ali ndi theka kwawo, nalimanso munda wa mkazi wake; ndipo akamwalira theka lija lipita kwa ana ake, amene pa kuwerenga kwathu ali a mbumba ina. Chotero nthaka ichoka pa mudzi pang'onopang'ono, ndipo wotsala ndi kamunda kosakwanira ndiye mkazi yemweyo amene anzeru anafuna kumthandiza. Inu owerenga Buku Lopatulika mudziwa kuti nkhawa yotere si yatsopano. Pa Numeri 27 ana aakazi asanu a Tselofekadi anapempha cholowa cha atate wawo, napatsidwa. Koma pa Numeri 36 akulu a fuko anabweranso kwa Mose, poopa kuti maukwati adzasamutsira nthakayo ku fuko lina, ndipo Mose anamvanso mlandu wawo.

Chimene ndidandaula pa zolemba za mayi ameneyu n'chakuti zili m'Chingerezi, m'mabuku a kutsidya kwa nyanja, ndipo amayi amene anamuuza nzeruzo sangathe kuziwerenga. Nzeru inachoka m'mudzi pa Chichewa, ndipo siinabwerere.

Sindinena kuti chikamwini chilibe minga. Ine ndemwe ndinazengereza zaka zingapo kuumba njerwa ndi kubzala mitengo, poganiza kuti mwina ndikometsera ena. Ndipo amuna ambiri a mtima wotere anyamuka kunka ku Mozambique kapena ku Johannesburg, nasiya mkazi ndi ana ndi munda wopanda woulima. Aliponso mkazi amene munda uli wake, koma nandolo ndi mpendadzuwa zikapita ku msika ndalama zilowa m'thumba la mwamuna. Alipo malume, mwini mbumba, amene agulitsa dimba la alongo ake iwo osadziwa. Alipo mtsikana wochotsedwa pa sukulu kuti abweretse mkamwini wolima, ngakhale kuyambira chaka cha 2017 malamulo aakulu a dziko aletsa ukwati wa munthu wosafika zaka 18. Izi ndizo nthenda za kuno, ndipo pa msonkhano uja sindinamve ndi imodzi yomwe ilikutchulidwa.

Tsono nkhaniyi yafika pa khomo pathu. Lamulo la malo a makolo la chaka cha 2016 lilola kuti munda ulembedwe ndi kupatsidwa chikalata, ndipo Phalombe, pamodzi ndi Kasungu ndi Rumphi, ndiwo maboma amene anayamba kuyesa ntchitoyi. Lamulo lomwelo linaika komiti ya malo pansi pa gulupu, ya anthu asanu ndi mmodzi osankhidwa ndi mudzi, ndipo atatu a iwo kapena oposa akhale akazi. Mlembi wozolowera kufunsa mutu wa banja akafika pa khonde, mwamuna ndiye atuluka kukamlonjera, mkazi ali ku mtondo. Ndipo dzina lolembedwa tsiku limenelo ndilo lidzawerengedwa pa mlandu, ife tonse titagona. Ndinafunsa apongozi anga, okalamba ndithu, kuti pa chikalata cha munda wa pa Michesi palembedwe dzina la yani. Anandiyang'ana nthawi, natchula maina a zidzukulu zawo zazikazi ziwiri, nandituma ndikatenge cholembera.