Ulemu kwa akatswiri a Scrabble a ku Thailand

Ku Thailand anthu amalankhula Chithai, chomwe chili ndi zilembo zakezake, komabe dzikoli latulutsa akadaulo oopsa pa masewera opanga mawu a Scrabble ya Chingerezi. Mu 2003 ku Kuala Lumpur, Panupol Sujjayakorn anakhala katswiri wa dziko lonse atagonjetsa mnzake Pakorn Nemitrmansuk mu ndime yomaliza. Pakorn sanagwe mphwayi: mu 2009 anagonjetsa katswiri wina, Nigel Richards, nayenso n'kutenga ukatswiriwo.

Gwero la zonsezi ndi khama. Ambiri amayambira kusukulu, kuloweza mawu zikwizikwi, ena mwa mawuwo osadziwa n'komwe tanthauzo lake. Muoneni katswiri ali ndi zilembo zisanu ndi ziwiri patsogolo pake. Amazisinthasintha mwakachetechete, nthawi ikutha, mpaka atapeza liwu lomeza zonse, n'kukolola mapointi 50 owonjezera. Anthu otere ngoyenera kuwaombera m'manja.