Mawu Akuti "Boma" ndi Nthano ya Chiyambi Chake

Msodzi wa ku Senga Bay akanena kuti mawa alawirira ku boma, amatanthauza tauni ya Salima, mtunda wa makilomita pafupifupi 20 kuchokera kunyanja. Nyengo yotseka nyanja ikafika, yemweyo amadandaula kuti boma lamulanda khoka. Akafunsidwa kwawo, amati ndi kwa Maganga, m'boma la Salima. Malo, ulamuliro ndi dera, zonsezi zasenzedwa ndi mawu amodzi a zilembo zinayi, ndipo palibe Mmalawi amene amasokonezeka nazo.

Chisokonezo chimabwera pa funso la kumene mawuwa adachokera. Yankho lofala, limene ngakhale anthu ophunzira amalinena mosakayika, ndi lakuti "boma" ndi chidule cha mawu a Chingerezi akuti British Overseas Military Administration. Yankholi ndi lokoma m'khutu komanso losavuta kuloweza. Vuto lake ndi lakuti si loona.

Chizindikiro choyamba ndi chakuti olinena sagwirizana. Ena chilembo cha M amati chikuimira Management, ena amati mawu onse ndi British Officers' Mess Area. Mboni zitatu zikafika pabwalo ndi nkhani zitatu zosiyana, nyakwawa yanzeru imayamba yakayika zonse.

Umboni wolemera uli m'zaka. Angerezi adalengeza ulamuliro wao m'dziko muno mu 1891. Koma Henry Morton Stanley adagwiritsa kale ntchito mawuwa m'buku lake la mu 1872 lonena za ulendo wofunafuna David Livingstone, potchula mipanda yotetezera midzi ndi misasa. Akupezekanso m'dikishonale ya Chiswahili ya Johann Ludwig Krapf, yosindikizidwa mu 1882. Mwana sabadwa amake asanabadwe. Kuwonjezera apo, Ajeremani amene ankalamulira dziko limene lero ndi Tanzania adamanga malikulu ao ku Bagamoyo, Mikindani ndi Arusha, ndipo nyumbazo zimatchedwa boma mpaka lero. Mjeremani wa nthawi imeneyo akadatchuliranji linga lake ndi dzina la Mngerezi, mdani wake pa mkangano wolanda maiko?

M'Chiswahili, boma ndi mpanda wolimba, wa mitengo, minga kapena miyala, wotchinjiriza anthu kapena ziweto. Achewa adali nao kale mawu ao a chinthu chotere: linga. Chiswahilicho chidalowa muno kudzera panyanja. Amalonda a minyanga ndi akapolo ankaoloka ndi zombo, Jumbe woyamba adakhazikika ku Nkhotakota cha m'ma 1840, ndipo mafumu a Chiyao a m'mphepete mwa nyanja ankachita malonda ndi anthu a kugombe la kum'mawa. Njira imene idadzera mawu akuti "bwana" ndi "mzikiti" inali yotseguka kale. Harry Johnston atayamba kumanga malinga monga Fort Johnston, ku Mangochi, ena mwa asilikali ake adali olankhula Chiswahili, ndipo kwa iwo linga lotere linali boma basi.

Chochititsa chidwi ndi zimene zidachitika pambuyo pake. M'kati mwa mpandawo ndimo munkaperekedwa msonkho, munkazengedwa milandu, munkachokera amesenjala. Dzina la mpanda lidasamukira kwa okhalamo, kenaka kwa mphamvu zao, kenaka kwa dera lonse limene ankaliyang'anira. Chichewa chimachita zoterezi kawirikawiri: bwalo ndi malo oseseka pansi pa mtengo, komanso ndi akuluakulu oweruza amene amakhalapo. Lero mpanda uja udaiwalika kotheratu, kotero kuti pamsonkhano wandale anthu amaloza mtsogoleri wao n'kumafuula kuti "Boma ilo!"

Eni mawuwa sadafike nao kutali chotero. Kwa Mswahili ulamuliro wa dziko ndi serikali. Kwa Amasai a ku Kenya ndi Tanzania, mudzi wozingidwa ndi minga wokhala ndi ng'ombe pakati ndiwo umatchedwa boma. M'malo ogona alendo okaona nyama ku South Africa, boma ndi bwalo lotchingidwa lodyerapo usiku moto ukuyaka. Ku South Sudan ndi kadera kakang'ono kwambiri ka ulamuliro, ka midzi yowerengeka. Ku Zambia tanthauzo lake likufanana ndi la kuno. Tauni ya Boma ya pamtsinje wa Congo, imene idakhala likulu la dziko la Mfumu Leopold kuyambira mu 1886, inali ndi dzinalo kalekale. Kufanana kwa kamvekedwe pakokha si umboni wa ubale.

Nthano ya chidule ija ili ndi mlandu waukulu kuposa kulakwitsa zaka. Imaphunzitsa mwana kuti chilichonse chokhudza ulamuliro chidabwera ndi mzungu, ngakhale mawu amene adamupeza ali kale pakamwa pa anthu akuda. Imafafanizanso mbiri ya nyanja ngati msewu waukulu wa malonda ndi zilankhulo, mbiri imene mizikiti ya ku Senga Bay ndi ku Nkhotakota ikuichitirabe umboni.