Mbale Ziwiri za Amanaz, Dzina Limodzi

Chimbale cha Africa, chimene gulu la ku Zambia la Amanaz linatulutsa mu 1975, chili ndi chodabwitsa chimodzi. Anthu awiri akhoza kukhala nacho, chikuto chofanana, nyimbo zofanana khumi ndi ziwiri, koma akaika singano amamva zinthu zosiyana. Nyimbozi zinajambulidwa ku Malachite Film Studios ku Chingola, ndipo kampani ya Zambia Music Parlour ya Edward Khuzwayo ku Ndola inazitulutsa m'masakanizidwe awiri a mawu. Oimba sanasinthe: Keith Kabwe, Isaac Mpofu, John Kanyepa, Jerry Mausala pa besi ndi Watson Lungu pa ng'oma. Chimene chinasintha ndi ntchito ya munthu amene anakhala pa makina osakanizira, kukweza ichi, kutsitsa icho.

Mbale yoyamba okonda nyimbo amaitcha youma. Pamenepo mawu a woimba ndi ng'oma zili kutsogolo, pafupi ndi khutu. Lungu akamenya, umamva ndodo ikugunda chikopa, kenako phokoso limatha pomwepo. Yachiwiri anaithira reverb wambiri, mawu aja obwerezabwereza ngati munthu akuitana m'phanga. Woimba ndi ng'oma amabwerera m'mbuyo, gitala n'kutulukira patsogolo.

Tengani nyimbo ya Khala My Friend. Ndi yodekha, yoyenda pang'onopang'ono, ndipo mphamvu yake ili m'mawu a munthu amene akudandaulira mnzake. Pa mbale youma mawuwo ali poyera, opanda chophimba, mpaka umazindikira pamene woimba akukoka mpweya. Pamenepa ndi pomwe luso la anyamatawa limaonekera, chifukwa palibe pobisala. Besi ya Mausala simathamanga, imangoponda pamene payenera, ndipo gitala imadikira nthawi yake. Ikalowa, ndi fuzz wake wokanda uja, imalowa ngati yoitanidwa. Pa mbale ya reverb nyimbo yomweyo imamveka yakutali, yachisoni chochuluka, koma mawu ena amasungunuka asanafike. Kwa ine, pa nyimbo iyi, youma ndiyo yapambana.

Koma Nsunka Lwendo, imodzi mwa nyimbo zimene anaimba m'Chibemba, imanditembenuza maganizo. Kumeneko gitala ndiyo mwini nkhani, ndipo imalira nthawi yaitali. Reverb amaipatsa malo otambasukira, chingwe chilichonse chimasiya mchira umene chotsatira chimaupeza usanazime. Yemwe anakweza gitala pamenepo ankadziwa chimene akuchita. History of Man, yolemera kwambiri pa chimbalechi, imafuna zonse ziwiri nthawi imodzi: ng'oma za mbale youma ndi gitala ya inzakeyo. Mbale yotero kulibe, ndiye munthu umangosinthasintha.

Kusiyana kwina kumabwera ndi kapangidwe ka mbaleyo. Mawu amachoka pa tepi n'kulembedwa ngati kanjira kozungulira pa mbale yofewa, ndipo kuchokera pamenepo amapanga chidindo chachitsulo chimene chimadinda mbale zogulitsa. Chidindo chimatha. Mbale zoyamba kudindidwa zimamveka bwino kuposa zomaliza, ndipo nyimbo za chapakati pa mbale, pamene singano imadutsa mtunda wochepa pa sekondi iliyonse, zimataya mawu akuthwa msanga. Onjezerani fumbi, dzuwa, ndi singano yotha imene eni ake ankailemetsa ndi ndalama yachitsulo kuti isadumphe. Mbale za Zamrock, nyimbo za rock za ku Zambia ngati za Amanaz, zimene zinkadindidwa ku Teal Record Company ku Ndola zinagwira ntchito m'mabala ndi m'maukwati, sizinasungidwe m'kabati. N'chifukwa chake mbale yosakandika ndi yosowa lero.

Kuno ku Chadiza, kutali ndi dera la migodi kumene kuli Chingola ndi Ndola, ambiri nyimbozi ankazimvera pa wailesi, makamaka boma la Kenneth Kaunda litalamula kuti nyimbo zambiri zoulutsidwa zikhale za m'dziko muno. Wailesi ya mabatire inali ndi sipika imodzi yaing'ono, ndipo pamenepo mbale youma inkayenera kupambana, popeza mawu ndi ng'oma ndi zimene kasipika kotere kamatha kunyamula. Lero achinyamata akumvera pa foni, kasipika kenanso kakang'ono, ndipo ambiri sadziwa n'komwe kuti umene ali nawowo ndi msakanizo uti.

Kampani ya Shadoks ya ku Germany inatulutsanso Africa m'zaka za m'ma 2000. Koma ntchito yoyamikika inachitika mu 2015, pamene Now-Again Records ya Eothen Alapatt ku Los Angeles inaika masakanizidwe onse awiri m'chikuto chimodzi, mbale ziwiri. Akanatha kusankha umodzi n'kunena kuti uwu ndiye weniweni. Sanatero, ndipo anachita bwino, chifukwa onse awiri anagulitsidwa m'Zambia ndipo onse anavinidwa.

Mukapeza mpata, bwerekani mahedifoni abwino kapena sipika yokulirapo, muyambe ndi Khala My Friend youma, kenako Nsunka Lwendo ya reverb. Mukatero mubwerere, muzimvere mosinthanitsa.