Malasha a ku Moatize ndi chigumula cha Nuh

Amene anakhalapo ku Mwanza amaidziwa sitima ya malasha. Imanyamuka ku Moatize, m'chigawo cha Tete, n'kuyenda pa njanji yomwe kampani ya Vale inamanga, kudutsa Mwanza ndi Neno mpaka ku Nkaya. Abale athu a ku Liwonde ndi ku Nayuchi amaiona yomweyo ikupitirira ku doko la Nacala. Mabogi ake ndi ochuluka moti wowerenga amatopera panjira.

Tsiku lina sitimayi ikudutsa, mnyamata wina wophunzitsa ana pamadrasa anandikodola n'kunena kuti, "Akulu, imeneyo ndi mitengo ya m'nthawi ya Nuh ikupita kunyanja." Anafotokoza kuti malasha onse a padziko ndi nkhalango zomwe chigumula chinazula n'kukwirira m'chaka chimodzi, ndiponso kuti dziko lili ndi zaka pafupifupi 6,000 zokha. Nditafunsa kumene anazimva, ananditambasulira foni. Munali kanema wa mlaliki wa ku America. Mng'ono wake, wa Fomu 3, anangokhala chete pambali. Buku lake lakusukulu limawerenga zaka za miyala m'mamiliyoni, ndipo nkhope yake inkaonetsa kuti wauzidwa kusankha pakati pa bukulo ndi Qur'an. Kukhala chete kwa mwanayo ndiko kwandilembetsa nkhani ino.

Zomwe zili m'makanema otere zili ndi kholo lake. Ndi buku lotchedwa The Genesis Flood, lomwe John Whitcomb ndi Henry Morris anasindikiza ku America mu 1961. Woyambayo anali mphunzitsi wa Baibulo, wachiwiriyo injiniya wa za madzi. Ambiri mwa maganizo awo anawatola kwa George McCready Price, wa mpingo wa Seventh-day Adventist, amene analemba The New Geology mu 1923. Chiwerengero cha zaka n'chakale kuposa apo. Mu 1650, bishopu wamkulu James Ussher wa ku Ireland anawonkhetsa zaka za mibadwo ya m'buku la Genesis n'kupeza kuti dziko linalengedwa zaka 4004 Isa asanabadwe, mtendere ukhale pa iye, ndipo chigumula chinadza patapita zaka zoposa 1,600.

Bukuli ndilipatse ulemu wake. Olemba ake sanabise kuti anayamba ndi chikhulupiriro, kenako n'kupita kumiyala kukachifunira umboni. Anaonanso kuti pali funso lovuta lomwe sangalizembe: ngati zamoyo zonse zinamira pamodzi, bwanji zotsalira zake zimapezeka m'miyala zitasanjika mwadongosolo, zina pansi nthawi zonse, zina pamwamba nthawi zonse? Anayankha katatu. Madzi amasankha zinthu potengera kulemera ndi maonekedwe ake. Zokhala m'nyanja zinakwiririka poyamba, zakumtunda pambuyo. Ndipo nyama zanzeru ndi zaliwiro zinathawira kumapiri n'kumira pomalizira.

Yankho limeneli limagwira mtima munthu akamalimva pafoni. Ku Mwanza silikhalitsa. Boma lino limadziwika ndi manachesi, ndipo mtengo wa nachesi sungathamange. Mango sangakwere phiri. Komatu m'malasha a ku Moatize, ngakhalenso a ku Mchenga m'boma la Rumphi, simupezeka tsamba la mtengo uliwonse wochita maluwa, ngakhale mungu wake, chikhalirecho mungu ndi fumbi lomwe limalowa paliponse. Mumapezeka masamba a Glossopteris, mtengo womwe unatha kalekale, ndipo masamba omwewo ali m'malasha a ku India, South Africa, Australia, Brazil ndi Antarctica. Simupezeka fupa la mbuzi, la mvuu kapena la munthu. Ife madzi osefukira tinawaona ndi maso. Namondwe wa Ana mu Januwale 2022 ndi wa Freddy mu Marichi 2023 anatiphunzitsa mowawa mmene matope amagwirira ntchito. Pa Chilobwe ku Blantyre anasakaniza miyala, malata, mitengo, ziweto ndi abale athu. Madzi aukali sasanja zomera potsata mitundu yake.

Palinso zomwe zili pansi ndi pamwamba pa malashawo. Akatswiri amaitcha miyala imeneyi kuti Karoo, ndipo yayala mbali yaikulu ya kummwera kwa Africa. Pansi pake penipeni pali miyala yomwe inakokololedwa ndi madzi oundana, pa nthawi yomwe dera lino linali lozizira koopsa. Pamwamba pa imeneyo ndi pomwe pali malasha, otsalira a madambo a zaka zoposa mamiliyoni 250 zapitazo. Kukwera pamwamba, ku Lesotho ndi ku South Africa, kuli milu ya mchenga wa m'chipululu yomwe inauma n'kusanduka mwala, ndiponso mapazi a zinyama zakale zomwe zinkayenda pamatope. Pamwamba pa zonse pali chiphalaphala chouma cha zaka pafupifupi mamiliyoni 180. Wofuna kuti zonsezi zichitike m'chaka chimodzi cha chigumula ayenera kutiuza mmene chipululu chinaumira pansi pa madzi, ndi kumene zinyama zoponda matopezo zinkapumira. Zaka zimenezi sazilota. Amaziyeza ndi zinthu monga yureniyamu, uja wa ku Kayelekera, yemwe amasanduka mtovu pa liwiro lodziwika, ndipo njira zingapo zosadalirana zimafika pa yankho limodzi: dziko lili ndi zaka pafupifupi mabiliyoni 4.5.

Kwa inu a m'mbali mwa nyanja, umboni uli pansi pa mabwato anu. Mu 2005 akatswiri anaboola pansi pa nyanja ya Malawi n'kutulutsa matope akuya pafupifupi mamita 380. Matopewo ndi kaundula wa zaka zoposa miliyoni imodzi. Amaonetsa kuti zaka zoposa 100,000 zapitazo kunagwa chilala chomwe chinatsitsa madzi ndi mamita mazana angapo, nyanja n'kutsala kachigawo kochepa, kenako n'kudzazanso. Pa mamita osakwana 30 kuchokera pamwamba pa matopewo anapezamo phulusa la phiri la Toba, ku Indonesia, lomwe linaphulika zaka pafupifupi 74,000 zapitazo. Chizindikiro chakuti madzi amchere anamiza nyanjayi zaka 4,300 zapitazo mulibe. Msodzi aliyense akudziwa zomwe zingachitikire chambo, utaka ndi mbuna atathiridwa m'madzi a ku Nacala. Mitundu mazanamazana ya nsombazi sipezeka kwina kulikonse.

Munthu anganene kuti Allah ndi wokhoza chilichonse. Ndi zoona, ndipo Msilamu sakaikira zimenezo. Akanafuna, akanamiza Sapitwa n'kufafaniza chizindikiro chilichonse. Koma bukuli silinena zimenezo. Limati umboni uli m'miyala, aliyense apite akaone. Wodziitanira yekha mboni asadandaule mboniyo ikamutsutsa. Mu 1831 Adam Sedgwick, m'busa wa Anglican yemwe analinso katswiri wa miyala ku Cambridge, anaimirira pamaso pa anzake ku London n'kuvomera kuti analakwitsa pomwe ankati miyala ndi mchenga wa ku Ulaya n'zotsalira za chigumula. Ndatchula zimenezi kuti wina asaganize kuti uno ndi mkangano wa Asilamu ndi Akhristu. Akhristu ochuluka, kuphatikizapo mipingo ikuluikulu, savomereza za zaka 6,000.

Tsono chimene chimandivuta kwambiri n'chakuti Msilamu asenze katundu ameneyu. Chiwerengero cha Ussher chimafuna mndandanda wa makolo wokhala ndi zaka za aliyense, ndipo Qur'an yolemekezeka ilibe mndandanda wotero. Imatiuza za kulengedwa kwa thambo ndi nthaka m'masiku asanu ndi limodzi, koma mu Surah Al-Hajj imatidziwitsa kuti tsiku kwa Mbuye wathu lingafanane ndi zaka 1,000 za ife, ndipo mu Surah Al-Ma'arij imatchula tsiku la zaka 50,000. Za Nuh, mtendere ukhale pa iye, imatiuza mu Surah Al-Ankabut kuti anakhala pakati pa anthu ake zaka 950. Sinena kuti anabadwa liti. Mu surah yomweyo muli lamulo loti tiyende padziko tikaone mmene chilengedwe chinayambira.

Sindibisa kuti m'mabuku athu akale mumapezeka ziwerengero. Al-Tabari, kumayambiriro kwa buku lake la mbiri, anasonkhanitsa mawu a ena onena kuti moyo wa dziko ndi zaka 6,000 kapena 7,000. Koma zambiri za mtundu umenewu zinalowa kudzera m'nkhani zomwe maulama amazitcha Israiliyyat, zochokera kwa anthu a mabuku akale, zomwe Mtumiki, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, anatiphunzitsa kuti tisazitsimikize komanso tisazitsutse popanda umboni. Ibn Hazm wa ku Andalus, yemwe anamwalira mu 1064, anakana poyera kuti Msilamu ali ndi chiwerengero chodziwika cha zaka za dziko. M'nthawi yomweyo Al-Biruni anayang'anitsitsa miyala ya m'zigwa za India, yaikulu pafupi ndi mapiri, yaing'ono kutali, mchenga pafupi ndi nyanja, n'kugamula kuti chigwacho chinali nyanja yomwe mitsinje inaikwirira pang'onopang'ono. Ibn Sina naye analemba za mapiri opangika ndi kuperepeseka m'nyengo zazitali. Anthu amenewa ankaswali ngati ife.

Pa za kukula kwa chigumula ndiyenda mosamala, chifukwa apa nkhani ndi yolemererapo. Omasulira Qur'an akale ambiri, monga Ibn Kathir, ankamva kuti madzi anamiza dziko lonse, ndipo anali ndi zifukwa. Mu Surah Nuh, mneneriyu anapempha kuti asatsale wokanira ndi mmodzi yemwe panthaka, ndipo Surah As-Saffat imati mbumba yake ndiyo inatsala. Komabe Qur'an imabwereza kangapo kuti Nuh anatumidwa kwa anthu ake, ndi kuti omizidwa anali otsutsa uthenga wake. Liwu la Chiarabu lakuti ardh limatanthauza dziko lonse, limatanthauzanso dera limodzi, monga mu Surah Yusuf pomwe likunena za Iguputo. N'chimodzimodzi ife tikamati dziko la Malawi. Sheikh Muhammad Abduh, mufti wa ku Egypt yemwe anamwalira mu 1905, atafunsidwa za nkhaniyi anayankha kuti mu Qur'an mulibe mawu odula mlandu akuti chigumula chinakuta dziko lonse. Chomwe Msilamu sangachikane n'chakuti Nuh analiko, analalikira, anakanidwa, anakhoma chombo, okanira anamira, ndipo chombocho chinaima pa Judi monga Surah Hud ikunenera. Phiri lodziwika ndi dzina limenelo lili kummwera chakummawa kwa Turkey, pamwamba pa mtsinje wa Tigris, kumutu kwa chigwa chomwe chinkasefukira kawirikawiri. Mu 1929 Leonard Woolley, pofukula mzinda wakale wa Ur ku Iraq, anapeza matope ochindikala a madzi osefukira pakati pa zotsalira za midzi. Mizinda ina ya m'chigwacho ili ndi matope otere a nthawi zosiyana, kotero palibe angaloze amodzi n'kulumbira kuti ndi a Nuh. Chomwe akusonyeza n'chakuti kumeneko madzi ankatha kumiza dziko lonse lomwe anthu a m'dera ankalidziwa. Pa zaka zomwe Ussher anaika chigumula, ku Iguputo piramidi yaikulu ya ku Giza inali itaima kale zaka pafupifupi 200, ndipo mafumu anapitiriza kulowana ufumu, alembi akulemba.

Ndikumvetsa chomwe chimakopa achinyamata athu m'makanemawa. Amalankhula molimba mtima, amatchula Mulungu, ndipo amaoneka ngati akugonjetsa anthu osakhulupirira. Mnyamata wofuna kuteteza chipembedzo amatola chida chilichonse chomwe wachipeza panjira. Koma chida ichi chinasulidwira nkhondo ya eni ake, yokhudza kamasuliridwe ka machaputala oyambirira a Genesis m'mipingo ina ya ku America. Tikachilowetsa m'madrasa, tikuuza mwana kuti Qur'an yanena chinthu chomwe sinanene. Mwanayo akadzafika ku Zomba kapena ku Mzuzu n'kugwira miyala ndi manja ake, kapena akadzaima pansi pa mafupa a Malawisaurus ku nyumba yosungira zakale ya ku Karonga, adzataya zaka 6,000 zija, ndipo mantha anga ndi akuti adzatayira limodzi ndi zomwe tinazimangirira pamenepo.

Ndisanachoke ku Mwanza ndinapempha mphunzitsi uja kuti andipezere ayah kapena hadith yotsimikizika yotchula zaka za dziko. Anati akafunsa kwa sheikh wake ndipo adzandiimbira foni. Mng'ono wake anandiperekeza kukakwera minibasi ya ku Blantyre. Tili panjira anandifunsa ngati tsamba la Glossopteris limaoneka ndi maso pamwala, kapena mpaka makina. Ndinamuuza kuti limaoneka bwinobwino, lalitali ngati lilime, mitsempha yake yonse ili poyera.