Za Zigoba za pa Mua

Tinakapenya zigoba za gule wamkuru m'nyumba ya Chamare pa Mua, kumene Bambo Claude Boucher anayamba nchito ya Kungoni m'caka ca 1976. Zasemedwa mwaluso ndithu. Koma Cadzunda wopacikika pakhoma, wopanda ng'oma ndi pfumbi la pabwalo, ali ngati mtondo wopanda munsi. Ku Japan, m'masewero ochedwa Noh, mmisiri asema nkhope yosaseka, yosalira. Wobvina akaiweramitsa icita cisoni, akaiweramutsa ikondwera. Momwemo mmisiri angoyamba nchito, woitsiriza ndiye wobvina. Cifukwa cace ticenjeza anyamata athu amene asemera alendo okha, nakulitsa mano ndi maso kuti malonda ayende. Mmisiri woiwala bwalo adzasema mtengo cabe, osati nkhope.